Bwalo la paintball kumpoto kwa Johannesburg: chitetezo chili pa chigoba ndi pa woyimbira

Pakati pa Amalawi okhala mu Johannesburg, masewera a paintball, owomberana ndi mfuti zotulutsa timipira ta penti, ali ndi mbiri ziwiri zotsutsana. Ena, makamaka makolo, amati kumeneko ndi kuzoloweretsa achinyamata kuwomberana mu mzinda umene kulira kwa mfuti usiku si kwachilendo, pomwe ena amati ndi chibwana chabe chosavulaza munthu, poti chimene chimatuluka m'mfutimo ndi penti. Gulu lathu la achinyamata a kumpingo linakasewera pa bwalo lina la kunja kwa mzinda chakumpoto, kudera la mapuloti aakulu, ndipo zimene ndinaona kumeneko zikusonyeza kuti mbali zonse ziwiri zimaphonya pamene pagona nkhani.

Mantha a makolo ali ndi pochokera. Ambiri mwa ife tinayamba kuona mfuti zimenezi m'manja mwa alonda kapena m'nyumba za mabwana, zitaikidwa timipira ta tsabola kapena timipira tolimba todzitetezera kwa akuba. Lamulo la mfuti la dziko lino la South Africa, Firearms Control Act la 2000, siliwerengera mfuti ya paintball m'gulu la mfuti zofuna laisensi, ngakhale kuti lamulo lomwelo limaletsa kuloza munthu popanda chifukwa chomveka ndi chinthu chimene angachiyese mfuti yeniyeni. Komabe chida chimenechi sichinachokere kunkhondo. Poyamba chinali choikira chizindikiro pa mitengo ndi pa ng'ombe ku America, kufikira mu 1981 pamene Charles Gaines, Hayes Noel, Bob Gurnsey ndi anzawo anachitira masewera oyamba m'nkhalango ya ku New Hampshire.

Amene amati ndi chibwana nawonso ayenera kumva izi. Kampira ka penti n'kokula pafupifupi mamilimita 17, khungu lake ndi la gelatin longa la makapisozi a mankhwala, ndipo madzi a m'kati mwake amachoka ukachapa chovala. Kamakankhidwa ndi mpweya wopanikizidwa m'kabotolo, ndipo malire odziwika pa masewerawa ndi mafiti 300 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi mamita 90 pa sekondi, kapena makilomita oposa 300 pa ola. Kakagunda pantchafu kapena pamsana kamawawa ngati mwala wa legeni ndipo kamasiya chotupa chozungulira chimene chimazimirira pakapita masiku, koma kakagunda diso losatetezedwa kangathe kulichititsa khungu mpaka kalekale. Ngozi yaikulu ya masewerawa ndi imeneyi, ndipo kuipewa kumadalira chigoba chophimba nkhope komanso munthu woonetsetsa kuti chigobacho sichikuvulidwa.

Pa mfundo imeneyi bwaloli ndikuliyamikira kwambiri. Tisanagwire mfuti anatikhazika pansi n'kutiuza malamulo: chigoba sichivulidwa m'bwalo ngakhale munthu atagundidwa kale, kuwombera mnzako ali pafupi kwambiri n'koletsedwa, ndipo potuluka aliyense aveke kathumba kukamwa kwa mfuti. Anayesa liwiro la mfuti iliyonse pa makina ife tikuona, zimene n'zofunika kwambiri pa mfuti zoyendera mpweya wa carbon dioxide, pakuti mphamvu yake imakwera botolo likatenthedwa ndi dzuwa. Woyimbira wathu anali mnyamata wofatsa koma wosanyengerera. Mmodzi mwa anzathu atakweza chigoba kuti apukute thukuta, wenzulo inalira nthawi yomweyo, masewera onse anaima, ndipo mnzathuyo anatulutsidwa mpaka ndime yotsatira. Anadandaula kuti walipira ndalama zake, koma woyimbirayo sanasunthike, ndipo m'maganizo mwanga ndalama zathu zinagwira ntchito pa mphindi imeneyo kuposa pena paliponse.

Zofooka zilipo, ndipo zikukhudza malo omwewo amene chitetezo chagona. Zigoba zina zobwereketsa zinali zokandika ndipo zinkachita nthunzi munthu akangothamanga pang'ono. Munthu amene sakuona bwino ndiye amalakalaka kuvula chigoba, choncho eni bwalo amene amalalikira kuti chigoba chisavulidwe ayenera kusintha magalasi otha m'malo modalira wenzulo yokha. Chachiwiri, pamalo opumira panalibe woyang'anira nthawi zonse, chonsecho m'pamene anthu amakhala nkhope zili pamtunda uku akujambulitsa zithunzi atanyamula mfuti. Ndinaona mfuti ina itagonekedwa patebulo yopanda kathumba kake. Chachitatu, malangizo anaperekedwa m'Chingerezi chothamanga, ndipo fomu yovomera kuti ukavulala sudzaimba mlandu eni bwalo, ena mwa ife anaisaina osaiwerenga. Gulu limene lili ndi anthu obwera kumene kuchokera kumudzi lisankhiretu munthu wobwereza malamulowo m'Chichewa masewera asanayambe.

Kunena za masewera enieniwo, ndi a timu ndithu, ndipo chiwawa sindinachionemo. Pa mpikisano wolanda mbendera, anyamata amene anathamangira kutsogolo aliyense payekha anatuluka msanga, pamene timu imene inkafuulirana ndi kutetezana pochoka pa mulu wina wa matayala kupita pa wina ndiyo inapambana. Atsikana amene ankazengereza poyamba ndiwo anasunga mbendera modekha. Titamaliza tinaotcha nyama pamalo amene bwaloli linakonzera zimenezo, ogundidwa ndi owagunda tikudyera pamodzi.

Pa za ndalama pafunika kuchenjera. Mtengo wolowera umaphatikiza mfuti, chigoba, ovololo ndi timipira towerengeka, koma timipira timeneti timatha msanga kwa woyamba kumene amene amawombera chilichonse chogwedezeka, ndipo toonjezera timagulidwa pabwalo pomwepo, pakuti tochokera kunja saloleza. Ndi bwino kugwirizana malire a ndalama musananyamuke. Mayendedwe nawo ndi ovuta kwa odalira matakisi, popeza bwaloli lili kutali ndi msewu waukulu, ndipo m'miyezi ya dzinja ndi bwino kusungitsa malo a m'mawa chifukwa mvula ya ziphaliwali ya mu Johannesburg imakonda kugwa masana.

Kwa akuluakulu ndi achinyamata otha kumvera woyimbira, bwaloli ndingalivomereze, pokhapokha aliyense ayese chigoba chake n'kukana chokandika asanalowe. Kwa ana aang'ono, makolo afunse kaye ngati pali mfuti za timipira tating'ono ta mamilimita pafupifupi 13, zimene zimawombera mofooka, ndipo mmodzi wa iwo akhale pamalo opumira kuyang'anira kuti mfuti iliyonse yavekedwa kathumba.