Tinalipira ma stent atatu ku kampani yotumiza odwala ku India, anaika imodzi basi

Kampani yomwe inatitumiza ku India ndikuipatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo imodzi mwa ziwirizo ndi ya adokotala a ku Delhi osati yawo ayi. Kampani yake ndi imodzi mwa zija za ku Lilongwe zokonza maulendo a odwala, dzina sinditchula poti nkhani ya ndalama zathu sinathe.

Bambo anga anagwidwa ndi heart attack kunyumba, thukuta kamukamu, pachifuwa pakufinya mpaka kutsikira dzanja lamanzere. Kuchipatala anawajambula ECG, kuyeza troponin m'magazi yoonetsa ngati mtima wavulala, n'kuwabaya mankhwala osungunula magazi oundana aja ndipo anapulumuka, koma adokotala anati pakufunika angiogram, kujambula mkati mwa mitsempha, kuti aone kuti mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka pati. Ndiye tinafika ku kampaniyi. Visa, matikiti odzera ku Addis, galimoto yotitenga pa eyapoti, izo anachita bwino sindinama.

Chandipweteka ndi quotation. Bambo amene amatithandiza mu ofesi muja, a suti ndi mafoni awiri, anangoyang'ana pepala la ECG, munthu woti si dokotala, n'kunena kuti madalawa ndi ma stent atatu, timachubu tawaya toika mu mtsempha wothina kuti utseguke, achemwali mukachedwa muwataya. Angiogram isanachitike! Mkati mwa mtsempha anaonamo ndi chani? Ndipo anati tilipiretu zonse m'madola, stent iliyonse $1,500 pamwamba pa package, eti chipatala sichigwira munthu ngati ndalama sizinakwane. Izi zikuchitika kwacha itagwa kale ndi 44% mu November 2023, kubanki forex kulibe, dola tikuisaka kwa anyamata a mumsewu pa mtengo woti ukaumva mutu umazungulira. Mayi anagulitsa puloti yawo. Munthu ukauzidwa kuti bambo ako amwalira sufunsa mafunso, umangosaina, ndipo iwowo amadziwa zimenezo bwinobwino.

Kufika ku Delhi zinthu zinali zina. Angiogram anadutsira padzanja, pamene timavala wotchi apa, osati m'mphechepeche ngati mmene tinamvera kwa ena, bambo ali maso akuona pa sikirini, madzulo ake akuyenda okha kupita kuchimbudzi. Adokotala anandiitana kundionetsa zithunzi. Mtsempha wakutsogolo, umene amautcha LAD, unali wothina kwambiri, kangotsala kampata ngati ulusi, pamenepo ndi pomwe panayambitsa vuto lonse ndipo anaikapo stent imodzi yokhala ndi mankhwala oletsa kuti pasathinenso. Mtsempha wina wakumanja umaoneka wocheperako, wachitatu unalibe kanthu kodetsa nkhawa. Ine ndinati adokotala ikani onse atatu tinalipira kale, iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti stent saika chifukwa choti yalipiridwa. Wakumanjawo anauyeza ndi kawaya koona mmene magazi akudutsira pothinapo, FFR, ndipo anati lamulo lake nambala ikakhala 0.80 kapena kutsika amaika, ikapitirira amasiya, ya bambo inali pamwamba bwinobwino. Anandiuza za kafukufuku wotchedwa FAME wa 2009, wa odwala pafupifupi 1,000 ku Europe ndi America, amene anapeza kuti oikidwa ma stent potsatira muyeso wa kawayaka anaikidwa ochepa koma patatha chaka anali ndi mavuto ochepa kuposa oikidwa pongoyang'ana chithunzi. Anatchulanso ISCHEMIA, zotsatira zake zinatuluka 2019, anthu oposa 5,000 amene mitsempha inathina koma mtima uli phee osati pa heart attack, kuthamangira stent kapena opaleshoni sikunachepetse imfa kuyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala. Koma anatsindika kuti pa heart attack yeniyeni nkhani ndi ina, pamenepo kutsegula mtsempha msanga ndiye kupulumuka. Munthu wotanganidwa uja anakhala nane pansi n'kujambula mtima papepala, kampani yathu ija foni yanga inali isakuyankhidwa n'komwe.

Tsiku lotuluka bilu inabwera, stent yalembedwa payokha mzere wake, ndikuwerenga ndikuona mtengo wake sukufika ngakhale theka la $1,500 ija. Ndinafunsa ku accounts kuti mwina mwalakwitsa, anati ayi mayi, boma la India kudzera ku bungwe loona mitengo ya mankhwala la NPPA linaika malire mu February 2017, stent ya mankhwala 29,600 rupees, pano yakwerako koma malire alipobe ndipo chipatala chimayenera kuionetsa payokha pa bilu. Ndiye tangoganizani, atatu pa mtengo wawo wopeka, awiri sanaikidwe n'komwe, imodziyo yotsika mtengo. Nditawatumizira chithunzi cha biluyo pa WhatsApp bambo a suti aja anawerenga, blue tick, zii. Kenako voice note yoti chofunika n'choti madala ali moyo tiyamike Mulungu. Mulungu timamuyamika tsiku lililonse achimwene, koma si Mulungu anatenga ndalama za puloti ya mayi.

Apa ndinene chilungamo. Mtsikana amene kampani yomweyi inamuika ku Delhi kuti azilandira odwala anatigwira ngati abale ake. Bambo atakana mpunga wa tsabola uja anatipezera kanyumba kokhala ndi kitchini, ufa tinanyamula wathu ndiye nsima imaphikidwa. Ndi iyeyo anatikumbutsa kuti tisakwere ndege tisanagule mankhwala okwanira, chifukwa adokotala anati aspirin ndi ticagrelor azimwa limodzi chaka chathunthu osadumphitsa, ukasiya wekha magazi amatha kuundana mu stent momwemo ndipo imeneyo imakhala heart attack ina yoopsa, kuphatikizanso atorvastatin wa mafuta ndi a BP. Anatiperekeza yekha ku famase, anaonetsetsa kuti discharge summary ndi CD ya angiogram zili m'chikwama. Mwina nyenyezi yachiwiriyo ndi yake. Chipatala chimene anatisankhira nachonso ndi chabwino, pamenepo sindingawanamizire.

Bambo pano akuyenda m'mawa uliwonse, fodya anasiya, mchere mayi akuwabisira.

Amene mukuganiza zopita kudzera kwa anthuwa, pitani ngati mulibe njira ina koma za stent musalipiretu, muwauze kuti mulipira angiogram kaye, zotsalazo mukapereka kuchipatala komweko mutaona bilu, ndipo chilichonse alembe papepala osati voice note. Ife titawopseza kuti tipita kwa loya anabweza ndalama za stent imodzi. Za inayo ndi zimene anaonjezera pa yoikidwayo akuti akudikira forex, mwezi uno ndikapitanso ku ofesi kwawo ndi achimwene anga aakulu.