Lotus, kupingasa miyendo, kugwada kapena mpando: ndi kakhalidwe kati kosinkhasinkhira bwino?

Anzanga amene mwayamba kukhala chete mamawa n'kumamvetsera mpweya wanu, ndaona ambiri mtima uli pa Padmasana, ija amati lotus, phazi lamanja pamwamba pa ntchafu yamanzere, lamanzere pamwamba pa yamanja. Ndiyambe ndi yomweyo chifukwa ndi imene inandipweteka.

Ubwino ulipo ndithu, ukaikwanitsa thupi limakhala ngati alikhomera pansi, maondo onse awiri pa mphasa, msana umaima wokha, olo tulo tikubereko sugwa. N'chifukwa chake ziboliboli zambiri za Buddha anazisema atakhala choncho. Koma bondo ntchito yake ndi kupinda ndi kuwongoka ngati chitseko, kuzungulira kwenikweni kumachitikira m'chiuno, pamene fupa la ntchafu limalowera. Manje m'chiuno mukakhala mouma iwe n'kumakoka phazi ndi manja mokakamiza, mphamvu yonse ija imakathera mkati mwa bondo pa kafupa kofewa kamene madokotala amati meniscus. Ndipo ife kuno ku Chipata ambiri m'chiuno ndi mouma zedi, tsiku lonse uli pa njinga kapena wakhala pa mpando mu shopu. Ine ndinakoka phazi tsiku lina mu June, kukuzizira, thupi lisanatenthe n'komwe, ndinangomva kulasa mkati mwa bondo lamanja basi, masabata atatu kupalasa kuchokera ku Kapata kubwerera kunyumba inali misozi, kachitunda kulikonse ndimatsika n'kukankha njinga. Chonde ngati bondo silifika pansi lokha, lotus isiyeni kaye.

Sukhasana ndiye kuja kongopingasa miyendo ngati mmene timakhalira tili ana pomvera nthano. Dzina lake likuchokera ku liwu la Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, lakuti sukha, kutanthauza kumasuka. Aliyense angathe, koma ili ndi kamsampha kake. Ukakhala pansi penipeni popanda chokhalira, maondo amakwera m'mwamba, chiuno chimagwera kumbuyo, msana n'kupindika, pakangotha mphindi zisanu maganizo onse ali pa msana osati pa mpweya. Mankhwala ake safuna ndalama ayi, pindani bulangete kanayi likhale lokwera ngati masentimita 10, mukhale cha kumphepete kwake kuti chiuno chikhale pamwamba kuposa maondo. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ndinadabwa, msana unangowongoka wokha ndipo mpweya unayamba kufika mpaka m'mimba. Bondo likamalendewerabe ikani chitenje chokulunga pansi pake.

Pakati pa ziwirizi pali Siddhasana, ndipo kwa ine iyi ndiye yopambana zonse. Chidendene chimodzi umachikokera pafupi ndi thupi, phazi linalo umalisanjika pa akakolo a linzake, kapena poyamba kungoliika kutsogolo pa mphasa. Maondo amatsika kufika pansi mosavuta kuposa mu Sukhasana, kukhazikika kwake kumayandikira kwa lotus, koma palibe kukweza phazi mpaka pa ntchafu. Ngakhale buku la ku India la zaka za m'ma 1400, Hatha Yoga Pradipika, limaika Siddhasana patsogolo pa makhalidwe ena onse, lotus yomwe. Muzisinthasintha mwendo wokhala mkati, lero wamanja mawa wamanzere.

Vajrasana ndi kugwada n'kukhalira zidendene. Azimayi athu izi si zachilendo, ndi mmene amakhalira popereka moni kwa apongozi kapena popereka madzi osamba m'manja, ndiye mlongo wanga anaikonda tsiku lomwelo pamene ine ndikuvutika. Msana umawongoka bwino kwambiri. Chovuta ndi dzanzi, makamaka pa simenti, mphindi khumi mapazi sukuwamvanso. Pilo pakati pa zidendene ndi matako imathandiza, koma amene maondo amawavuta kale iyi si yawo.

Nanga mpando? Ena amauona ngati kubera, ine ayi. Agogo, amayi oyembekezera, wina aliyense wovulala, khalani pa mpando wolimba wodyera uja osati sofa, mapazi onse awiri apondetse pansi, osatsamira. Patanjali, mphunzitsi wakale wa yoga wa ku India, m'buku lake la Yoga Sutra anafotokoza kakhalidwe ndi mawu atatu, sthira sukham asanam, kuti kakhalidwe kakhale kokhazikika ndiponso kosapweteka, lotus sanaitchule n'komwe. Masabata atatu a bondo aja ndinkakhala pa mpando ndipo mtima umadekha chimodzimodzi, kungoti pa mpando tulo timabwera msanga, ndiye ndimatsegula maso pang'ono n'kuyang'ana pansi.

Chinthu china, muzisiyanitsa ululu. Kukoka kwa m'ntchafu ndi m'matako ndi kwabwinobwino, kumachepa pakapita masabata. Dzanzi, tambasulani mwendo lithe kenako mupitirize. Koma kulasa mkati mwa bondo, tulukanimo nthawi yomweyo osadikira alamu ya foni.

Ine panopa ndi Siddhasana pa bulangete lopinda, 05:30 ana asanadzuke, mphindi 15, manja pa maondo. Bondo lamanzere limafika pa mphasa, lamanja lija likadali pa chitenje.