Maphunziro a kasungidwe ka ndalama za sukulu, ndemanga yanga

Kampani ina inatiphunzitsa ife a komiti limodzi ndi ahedi za kayendetsedwe ka ndalama pa sukulu yathu ya pulaimale, ndipo kunena zoona mbali ya ndalamayo anaitha. Anatigwiritsa kashibuku, buku lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, pamanja, kenako pa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera, ndalama iliyonse yolowa ikhale ndi lisiti yake ya nambala, cheke asayine anthu awiri, wolandira fizi asakhale yemweyo wolemba m'buku, ndiye mwezi ukatha mufananize bukulo ndi sitetimenti ya ku banki. Chomwe chinandigwira mtima ndi bajeti ya teremu, akuti yambani mwapatula malipiro a aphunzitsi musanaganize zopenta makalasi, chifukwa mphunzitsi akangochedwa kulandira amathawa pakati pa teremu, makolo nawo amasamutsa ana, fizi imatsika, basi sukulu yayamba kufa.

Koma za kukweza luso la aphunzitsi anangodutsamo mothamanga, masilaidi okhaokha, osationetsa n'komwe momwe mphunzitsi wakale angathandizire watsopano kukonza phunziro. Pamenepo ndiye anatinyenga ndithu. Mukafuna kupita ku maphunzirowa, pitani ndi amene amagwiradi ndalama pa sukulu yanu, osangotumiza ahedi okha, ndipo muwafunse akampaniwo ngati amabweranso kudzaona mabuku anu.