Sitima ya ku Beira ndi mmene amachitira ina ikafera panjanji

Sitima ya anthu yochoka ku Moatize kupita ku Beira imathandiza kwambiri amene ali ndi katundu wochuluka, koma woikwera ayenera kudziwa kuti njanji ya Sena ndi imodzi yokha, ndipo pa njanji yomweyo pamadutsanso sitima zazitali za malasha, zimene zakhala zikutsikira ku doko kuyambira mu 2011. Sitima ziwiri zimapatukirana pokhapo pamene pali kanjanji kachiwiri kapambali, ndipo pakati pa malo awiri otere pamaloledwa sitima imodzi basi.

Ndinaona ubwino wa lamulo limeneli titaima pa siteshoni ya Doa chifukwa injini ya sitima ya malasha inafera kutsogolo kwathu, kulowera ku Mutarara. Zikatere, woyendetsa amamanga mabuleki ndi kudziwitsa oyang'anira kayendedwe ka sitima pa wailesi, ndipo iwo amatseka chigawo chonsecho kuti pasalowe sitima ina iliyonse. Zochokera kumtunda zimadikira pa siteshoni yakumbuyo, zochokera ku Beira zimaimitsidwa kutsidya kwa Zambezi kapena pa Mutarara, popeza ngakhale mlatho wa Dona Ana, wautali pafupifupi makilomita 3.7, uli ndi njanji imodzi. Chokhacho chimene chimaloledwa kulowa ndi injini yothandiza, imene imayenda pang'onopang'ono kufikira itakola sitima yakufayo ndi kuikokera pa kanjanji kapambali. Tinaiona ikudutsa pafupi ndi mawindo athu yopanda mabogi, wantchito ataima pansi ndi mbendera m'manja, mnzake akuyang'anitsitsa polumikizira njanji. Panalibe chipwirikiti, ndipo pa zimenezi ndikuwayamikira ndi mtima wonse, pakuti sitima yodzaza malasha siima msanga ngakhale woyendetsa ataona ngozi patali.

Njira itatseguka sitinanyamuke nthawi yomweyo, chifukwa sitima zonse zimene zinaunjikana zimayenera kupatsidwa mpata imodziimodzi, ndipo yaitali kwambiri siingaikidwe pa kanjanji kafupi. Zimenezi n'zomveka.

Chimene sichinandikondweretse ndi chakuti apaulendo sanauzidwe kanthu. Masana kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi sikufuna kufotokozera munthu wa ku Tete, ndipo m'bogi mwathu munali amayi a ana oyamwa amene madzi anawathera, koma ankaopa kutsika kukagula kuopera kuti sitima iwasiya. Wantchito mmodzi akanangodutsa m'mabogi n'kunena kuti, "Amayi ndi abambo, kutsogoloku kwafera sitima, tsikani mugule madzi, tiliza hutala tisananyamuke," mitima ikanakhala pansi. Ine ndinamva chifukwa chake nditachita kufunsa ndekha.

Ndidzaikwerabe, ndipo amene akupita ku Sena kapena ku Caia ndi matumba a chimanga ndingawalimbikitse kutero, koma atenge madzi okwanira ndi kamba wa panjira, ndipo asapangane ndi munthu ola lenileni lofikira.