Sukulu ya kwacha ya kumudzi kwathu: zimene ndinaona nditakhala nawo m'kalasi masiku atatu

Amayi anga ali ndi zaka 63, ndipo mpaka chaka chatha ankadinda chala. Ku banki m'khonde, kolandirira feteleza, kulikonse kumene kunkafunika dzina lawo, ankapereka chala chachikulu kuti achipake inki. Analekezera Sitandade 2 chifukwa agogo analibe ndalama ya fizi, ndipo pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, n'kuti ali kale ndi ana anayi, ine ndili kumsana. Ndiye atandiimbira foni kuti ayamba sukulu ya kwacha, ndinanyamuka ku Ndirande kupita kwathu ku Chiradzulu kuti ndikaone ndi maso anga.

Amakumana katatu pa sabata, 2 koloko masana, anthu akaweruka kumunda. Malo ake ndi kachipinda ka tchalitchi china cha m'mudzimo. Salipira kalikonse, amangobweretsa kope ndi pensulo. Tsiku loyamba ndinawerenga anthu 19, ndipo abambo anali awiri okha.

Aphunzitsi ake ndi mayi wa m'mudzi momwemo amene anafika Folomu 4. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sayamba ndi bolodi. Tsiku limenelo anauza aliyense kuti atulutse buku lake la kuchipatala. Amayi anga amamwa mankhwala a BP, ndipo zaka zonsezi buku lija ankangolisunga m'pepala la pulasitiki ngati chuma, osadziwa zolembedwamo. Aphunzitsiwo anayenda kwa mmodzimmodzi kuwathandiza kupeza dzina lawo pachikuto, kenako tsiku lobwereranso kuchipatala. Manambala a kalendala anawaphunzirira pamenepo. Atatero anatulutsa paketi ya Thanzi ORS, mchere ndi shuga wosungunulira munthu wotsegula m'mimba, ndi botolo la lita imodzi, n'kufunsa kuti, "Ndani anasungunulapo izi m'kapu?" Manja angapo anakwera. Anafotokoza kuti paketi imodzi imafuna lita yathunthu ya madzi otetezeka, chifukwa madzi akachepa mcherewo umachuluka ndipo umamupweteka mwana. Palibe anaseka mnzake. Anthu a kuno akukumbukira bwino kolera wa 2022 ndi 2023, ndi mmene namondwe wa Freddy anawonongera zimbudzi ndi zitsime mu Malichi 2023.

Tsiku lachiwiri ndi limene sindidzaliiwala. Phunziro linali la masamu, kuwerengera chenji, koma linathera ku mbiri yakale. Aphunzitsi anayala ndalama zapepala patebulo n'kufunsa kuti nkhope zili pamenepa ndi za yani. Kamuzu wa pa K1,000 onse anamudziwa. John Chilembwe wa pa K500 ndi K2,000 ndiye wakwathu, mishoni yake ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe si patali, ndipo agogo ena anayamba kusimba za thangata monga anamvera kwa makolo awo, mmene anthu ankalimira m'maesiteti a azungu popanda malipiro enieni, mpaka kuukira kwa mu Januwale 1915. Koma atanyamula K200, m'chipinda munangoti zii. "Ameneyu ndi Rose Chibambo," anatero aphunzitsiwo, n'kufotokoza kuti boma la atsamunda linamutsekera m'ndende mu 1959 ali ndi khanda m'manja, chifukwa chosonkhanitsa amayi polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amayi anga anaitenga K200 ija n'kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Inetu ndimagulira tomato tsiku ndi tsiku," anatero motsitsa mawu, "osadziwa kuti ndi mayi mnzanga." Kenako anayesa kuwerenga dzina lija, chilembo chimodzichimodzi, mpaka analimaliza.

Zolakwika zilipo, ndipo sindizibisa. Chipindacho chili ndi kazenera kamodzi, moti kukachita mitambo, akuluakulu a maso ofooka saona zapabolodi. Mabuku owerenga ndi asanu okha, anthu amathithikana anayi pa buku limodzi, ndipo palibe amaloledwa kupita nalo kunyumba. Nthawi yadzinja kalasi imazilala chifukwa cha kupalira ndi maganyu, ndiye amene wajomba milungu itatu amabwerera ataiwala theka. Chinanso n'chakuti amene angoyamba kumene ndi amene akutha kale kulumikiza mawu amakhala pamodzi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangawakwanitse onse. Ndinaona mayi wina wachitsikana akungojambula maluwa m'kope podikira anzake.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhani ya abambo. Mmodzi mwa awiri aja anandiuza panja kuti anzake amamunena kuti akuphunzira ndi azimayi ngati mwana. Komatu ndi abambo omwewo amene amapereka foni kwa mnyamata wa pa Airtel Money kapena Mpamba n'kumuuza nambala yachinsinsi mokweza, chifukwa satha kuwerenga zotuluka pafonipo. Tsiku lachitatu phunziro linali lomwelo, kuwerenga uthenga wa ndalama ndi kusunga nambala yachinsinsi ija (PIN), ndipo ndinalakalaka amalume anga akanakhalapo.

Ngati muli ndi kholo kapena m'bale amene amadinda chala, funsani kwa amfumu kapena kwa alangizi a zachitukuko a m'dera lanu ngati kuli kalasi yotereyi. Muwagulire makope awiri a mizere ikuluikulu ndi mapensulo ambiri, ndipo ngati n'kotheka mukawayezetse maso asanayambe. Ine ndinachedwa kuzindikira kuti amayi ankasokoneza "b" ndi "d" chifukwa cha maso, osati mutu.

Pobwerera ku Blantyre amayi anandipatsira ufa, nandolo ndi kapepala kopindapinda. Ndinakatsegula minibasi itadutsa pa Nguludi. Analembapo dzina langa, dzina lawo, ndi mawu akuti "uyende bwino", zilembo zake zazikulu, zopendekera kumanzere.