Nkhomaliro ya kalaliki: pa desiki, kumemo, kapena pansi pa mtengo ndi buku?

Amene mumagwira ntchito m'maofesi a maloya ndi m'makhoti mukudziwa kuti 12 koloko yathu si yofanana ndi ya anthu ena. Kwa ena ndi nthawi yosamba m'manja. Kwa ife ndi nthawi imene bwana amatulukira kuchokera kukhoti, jekete paphewa, n'kunena kuti, "Mayi, chikalata chija chikhale chitatha ndisanabwerenso, a jaji akuchifuna 2 koloko." Iwo uyo kukadya. Inu mwatsala ndi kompyuta.

Ndakhala ndikutayipa masamoni ndi zikalata zolumbirira mu Blantyre muno kwa zaka zingapo, ndipo njira zitatu zodyera nkhomaliro zonse ndinaziyesa. Iliyonse imabwera ndi chowerenga chake: pa desiki pamayenda foni, kumemo kumayenda nyuzipepala, ndipo amene amanyamula chakudya chapanyumba n'kukadyera panja ndi amene amakhala ndi mpata wa buku. Ndiziika pambalipambali kuti muone nokha, ngakhale sindibisa kumene mtima wanga wapendekera.

Tiyambe ndi pa desiki, poti ambirife ndi pamene tili. Ubwino wake ndi woonekeratu. Simuyenda padzuwa la Okutobala, simunyowa ndi mvula ya Januwale, mwatuma mesenjala kapena mlonda kukakugulirani chipisi cha pachiwaya, mwadya uku chala chikutsetsereka pa WhatsApp. Koma amene wakhala pa desiki ndiye kuti ali pantchito, kaya m'kamwa muli nsima. Kasitomala wochokera ku Thyolo amene wakwera minibasi m'mawa sangamvetse kuti mwatseka, chonsecho akukuonani ndi maso. Telefoni ya muofesi ikalira, woyankha ndinu. Ndipo foni imene mukuti mukupumirapoyo ndi chingwe chomwe bwana amakukokerani: mukuwerenga nthabwala pa gulu la anzanu akusekondale, pamwamba papo pagwa uthenga woti fayilo yakuti ili kuti. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limene timalitayipa m'madandaulo a anthu ena, limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48. Werengetsani maola a nkhomaliro amene mwapereka ulele pa desiki m'chaka chimodzi, muona kuti mlandu wina ndi wanu womwe.

Palinso vuto la mafuta. Tsiku lina ndinagwira chikalata cholumbirira ndi zala za chipisi, chitasainidwa kale, chidindo chili pomwepo, mwini wake atabwerera kumudzi. Dontho la mafuta papepala loyera silibisika, limafalikira n'kumaonekera mbali zonse ziwiri. Tinachita kumuitananso bambo uja kuti adzalumbire kachiwiri, ndipo ndalama ya minibasi yake inatuluka m'chikwama changa. Kuyambira pamenepo chipisi ndi fayilo sizikhalanso pa tebulo limodzi kwa ine.

Foni sindikuinyoza yonse ayi. Muli chuma chimene akalaliki akale analibe. Pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII zigamulo za makhoti athu zimapezeka mwaulere, ndipo zina zimakoma kuposa nthano. Tengani mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene apolisi anamugwira m'bandakucha mu 2015 ali pa ulendo wopita ku Limbe kukachita geni yake, n'kumuimba mlandu wa vakabu. Mu 2017 oweruza atatu a khoti lalikulu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu, lokhudza vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mukamawerenga mumamuona munthuyo akuyenda mumdima ndi katundu wake, n'kuzindikira kuti mapepala amene timanyamula tsiku ndi tsiku ali ndi anthu mkati. Kapena chigamulo cha pa 3 February 2020 chofafaniza zisankho za pulezidenti za 2019, cha masamba pafupifupi 500, chimene oweruza asanu anachiwerenga kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada. Icho chokha chingakudyetseni nkhomaliro mwezi wathunthu. Kwa amene akulota zodzalowa sukulu ya zamalamulo, kumeneku ndi kuphunzira kosalipira fizi, kupatula bandulo.

Funso langa n'lakuti, kodi kumeneko n'kupuma? Maso ayang'ana pagalasi kuyambira m'mawa, akusaka chizindikiro cha m'kalembedwe chosoweka ndi nambala ya mlandu yolakwika. Masana muwapatsenso galasi lina laling'ono, lodzaza ndi Chingerezi chomwecho cha "whereas" ndi "hereinafter"? Ineyo zigamulo ndimaziwerenga Lachisanu masana kukakhala zii, osati pa nkhomaliro.

Kumemo ndi dziko lina. Nsima yotentha, nyemba, usipa kapena nkhuku ya lokolo pakakhala pa malipiro, mpiru wotendera, ndipo mayi wophikayo akakuzolowerani amakulembani m'kope mpaka mwezi uthe. Chiyambire kugwa kwa kwacha kwa November 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kope limeneli lasanduka banki ya ambiri, ndipo mbale zakhala zikuchepa pamene mtengo ukukwera. Komabe palibe chakudya cha m'kontena chimene chingapose nsima yongophulidwa kumene.

Phindu lenileni la kumemo si la m'mimba. Kumeneko ndiko mumakumana ndi mesenjala wa ofesi ina, kalaliki wa kwa majisitireti, dalaivala wa kukhoti. Mumamva kuti woweruza wakuti wapita kutchuthi, kuti mafayilo a mtundu wakuti asamutsidwira chipinda china, kuti mukafuna chidindo lero mulawire chifukwa masana kuli msonkhano. Zimenezi sizilembedwa m'malamulo a 2017 a kayendetsedwe ka milandu ku khoti lalikulu, koma ndi zimene zimachititsa kuti pepala liyende. Kalaliki watsopano amene sadya ndi anzake amatha chaka akuima pamzere wolakwika kukhoti lalikulu ku Chichiri.

Nyuzipepala kumemo imakhala imodzi, owerenga khumi. Wina watenga tsamba la mpira kuti aone za Bullets ndi Manoma, wina landale, ndipo ikamafika kwa inu yanyowa ndi msuzi. Kuwerenga kwake n'kwapakamwa: mmodzi awerenga mutu wa nkhani mokweza, ena onse n'kuyamba kugamula mlandu umene ngakhale a jaji sanaumve. Ndimakonda Lolemba, wina akabweretsa Tamvani wa mu Weekend Nation kapena Tikambe wa mu Malawi News wotsala Loweruka, chifukwa pamenepo timawerengako m'chilankhulo chimene tikudyera nsimayo. Chokhumudwitsa n'chakuti diso la kalaliki silichedwa kuthawira kumasamba akumapeto, ku zidziwitso za chuma cha masiye ndi za katundu wogulitsidwa pa ngongole, kukaona ngati chidziwitso cha ofesi yake chatuluka bwino. Mwabwereranso kuntchito osadziwa.

Ndipo kumemo kuli msampha umene ife a ntchito ino tiyenera kuuopa kuposa wina aliyense. Timadziwa amene akusudzulana asanauze ngakhale ankhoswe, timadziwa amene nyumba yake yatsala pang'ono kulandidwa. Macheza akakoma, mtima umafuna kuponyapo kanu, "osatchula dzina." Blantyre ndi wamng'ono. Amene wakhala pa benchi lakumbuyo akhoza kukhala mlamu wake wa munthuyo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wa mlembi wa loya umatsatidwa ndi kalata yochotsa ntchito. Chinsinsi cha kasitomala sichimangira loya yekha, chimatimanga tonse amene timagwira fayilo.

Njira yachitatu ndi imene ndinakhazikikapo. Usiku ndimapatula mpunga kapena mbatata ndi ndiwo zotsala, m'mawa m'kontena, 12 koloko ikakwana ndimatuluka pageti, foni ndaitsekera m'dirowa. Pali mtengo wina kuseri kwa ofesi yathu umene mthunzi wake ndimagawana ndi mlonda ndi mayi wogulitsa nthochi. Kudya kumanditengera mphindi khumi ndi zisanu. Zotsalazo ndi za buku.

Zovuta zake ndizinene poyera. Chakudya chimakhala chozizira pokhapokha ofesi yanu ili ndi potenthetsera, ndipo magetsi akhalepo. Nsima ya m'kontena ikafika masana imakhala ngati mwala, n'chifukwa chake ambiri timathawira kumpunga. Anzanu amayamba kukunenani kuti mwayamba matama, kapena kuti zakuvutani m'thumba, ndipo nkhani za kumemo zija zimakudutsani. Mabuku atsopano ndi odula. Ine ndimadalira a kaunjika amene anyamata amayala m'mbali mwa misewu ya m'tauni, ena akuthothoka chikuto, komanso kubwereka ku nthambi ya National Library Service. Nthawi ya mvula mtengo uja suthandiza, ndimakabisala pakhonde.

Koma buku lili ndi khalidwe limodzi limene foni ndi nyuzipepala zilibe: silikudziwani kuti ndinu kalaliki. Silikufunsani za fayilo. Ntchito yathu ndi yowerenga mosaka zolakwika, diso lili tcheru ngati la mphaka, moti umatha kumaliza masamba makumi atatu osadziwa kuti nkhani yake inali yotani. Ukatsegula nthano, diso lija limamasuka pang'onopang'ono. Masiku oyamba ndinkadzipeza ndikukonza zizindikiro za m'kalembedwe m'buku la eni ake. Patatha sabata ziwiri ndinasiya, n'kuyamba kudera nkhawa anthu a m'nkhanimo. Ndaona kuti masana a tsiku limene ndawerengako ndimalakwitsa pang'ono potayipa, ngakhale umboni wake ndi wa ine ndekha, sungaimike mlandu.

Buku la pa nkhomaliro lisankhidwe mwanzeru. La mitu ifupiifupi, kapena la nkhani zazifupi, limene mungalitseke 1 koloko osamva ngati akulandani mbale m'manja. Mabuku a milandu ndi maloya a ku America, amene amadzaza pa kaunjika paja, ine amanditopetsa: loya wa m'menemo amakuwa m'khoti, mboni n'kulira, mlandu n'kutha sabata yomweyo, pamene ine ndikudziwa fayilo imene yakhala ikuimitsidwa kuyambira mwana wanga ali kumkaka. Anzanga ena amawakonda pa chifukwa chomwecho, akuti amaseka. Nthano za m'Chichewa zimene tinkawerenga kusukulu mokakamizidwa ndi mayeso, mukazibwereza muli wamkulu, mumadabwa kuti munali zinthu zambiri chotere.

Si onse angasankhe. Mesenjala nkhomaliro yake imalamulidwa ndi mzere wa kukaundula wa khoti: akachoka kukadya, malo ake apita. Iyeyo chimanga chootcha m'manja ndi foni m'thumba ndiye njira yokhayo, ndipo sindingamuuze za mthunzi wa mtengo. Wolandira alendo amene ali yekha muofesi ya loya mmodzi nayenso ndi womangika, pokhapokha atagwirizana ndi bwana kuti chitseko chizitsekedwa ndithu ndi kiyi. Koma ife a mataipi ndi akalaliki a m'maofesi okulirapo, amene tingasinthane, tilibe chonamizira.

Panopa ndimachita chonchi: Lolemba ndi Lachinayi kumemo, kuti ndimve za mumzinda ndiponso kuti dzina langa lisafufutidwe m'kope la mayi uja. Masiku atatu enawo pansi pa mtengo. Pa desiki ndimadyerapo pokhapokha pakhale pempho lachangu la chiletso limene a jaji akulidikiradi, ndipo tsiku limenelo ndimadya nthochi.