Nyama yofiira, nyemba, usipa kapena mapiritsi: ndi ayironi uti wosavutitsa matumbo?

Amalume anga, a zaka 61, atauzidwa kuchipatala kuti magazi awo ndi ochepa, aliyense pabanja anabwera ndi nzeru yake. Wina anati azidya nyama ya ng'ombe tsiku ndi tsiku, wina anati tikagule mapiritsi a ayironi kufamase, azakhali anati bonongwe ndi nyemba n'zokwanira. Ine ndinali nditamvapo kuti ayironi ali ndi mbali pa khansa ya m'matumbo, choncho ndinakhala pansi n'kuziyerekeza njira zonsezi. Zimene ndinapeza ndi izi: nkhani si kuchuluka kwa ayironi kokha ayi, komanso chimene wabwera nacho m'mimbamo.

Ndiyambe ndi nyama yofiira, ya ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Pa kuwonjezera magazi, iyi ndi katswiri. Ayironi wake ndi wa mtundu wotchedwa haem, uja amene amafiiritsa magazi ndi mnofu, ndipo thupi limatenga pakati pa magawo 15 ndi 35 pa 100 alionse a ayironi ameneyu. Vuto ndi wotsalayo. Amatsika mpaka m'matumbo aakulu, ndipo kumeneko amakanda khungu lam'kati, amawoletsa mafuta, ndiponso amathandiza kupanga mankhwala otchedwa N-nitroso amene amawononga maselo. Khungu likamavulazidwa n'kumadzikonza mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, mpata woti selo limodzi lisokonekere umakula. Mu 2015 bungwe lofufuza za khansa la IARC, nthambi ya WHO yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, litaunika kafukufuku woposa 800 linaika nyama yofiira m'gulu la zinthu zomwe n'kutheka kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Linati magalamu 100 pa tsiku amakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi magawo pafupifupi 17 pa 100. Kanyenya wopserera pamakala amawonjezera mankhwala enanso oipa pamwamba pa zimenezi.

Tisaopsezane mopitirira muyezo. Kukwera ndi 17 pa 100 sikutanthauza kuti anthu 17 mwa 100 adzadwala. Ndi kuwonjezera pa chiopsezo chomwe munthu ali nacho kale. A bungwe lina loona za khansa la World Cancer Research Fund amati nyama yofiira yophika isapitirire magalamu 350 mpaka 500 pa sabata, ndipo mabanja ambiri akumudzi kwathu, amene nyama amaiona pa Khrisimasi, pa ukwati kapena pamene mbuzi yathyoka mwendo, safika n'komwe pamenepo. Amene ayenera kudziyang'anira ndi ife a m'tauni, odya pachiwaya masana, kanyenya madzulo, ndi abale athu aku Johannesburg kumene nyama yootcha ili pa ngodya iliyonse.

Nyama yokonzedwa kufakitale, monga soseji, poloni ndi nyama yam'chitini, ndiye sindiipatsa mpata. Ili ndi haem yemweyo, kuphatikizapo mchere wa nitrite wosungira nyama, ndipo ziwirizi zikakumana mankhwala oipa aja amachuluka. IARC inaiika m'gulu loyamba, la zinthu zomwe umboni wake ndi wokwanira kuti zimayambitsa khansa: magalamu 50 pa tsiku, soseji imodzi yabwinobwino, amakweza chiopsezo ndi magawo pafupifupi 18 pa 100. Theka la kulemera kwa nyama yatsopano, ngozi yofanana. Zimandiwawa ndikaona poloni ikulowa m'kabokosi ka mwana wa sukulu m'mawa uliwonse, makolo ali ndi mtima wabwino ndithu, poganiza kuti akum'patsa chakudya chapamwamba.

Tsopano ndiwo zathu: nyemba, nandolo, khobwe, soya, bonongwe, chisoso, nkhwani, chigwada. Ayironi wa m'zomera alibe haem, ndipo apa pali kufooka kwake kwenikweni, poti thupi limangotengako pakati pa magawo 2 ndi 20 pa 100. Gaga wa chimanga ndi makoko a nyemba zili ndi zinthu zomwe zimagwira ayironi kuti asalowe m'magazi, ndipo tiyi amachitanso chimodzimodzi. Munthu wodya nsima ya nyemba n'kutsitsira tiyi wakuda nthawi yomweyo wataya gawo lalikulu la phindu. Koma izi zili ndi mankhwala ake, ndipo ali pakhomo pomwepo. Nyikani nyemba m'madzi usiku musanaphike. Thirani tomato m'ndiwo, idyani lalanje, gwafa kapena malambe pa chakudya chomwecho, chifukwa vitamini C amatsegulira ayironi njira. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Kulinso mbewu za nyemba zokhala ndi ayironi wambiri, monga NUA45, zimene alimi ena ku Malawi akulima.

Chimene chimandikopa pa ndiwo zimenezi n'chakuti zimabwera ndi chitetezo chake. Nyemba, masamba ndi mgaiwa zili ndi zinyalala zabwino zija zosagayika, zimene zimafewetsa chimbudzi n'kuchithamangitsa kuti zoipa zisakhalitse m'matumbo, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti anthu odya zakudya zotere khansa ya m'matumbo imawapeza mochepa. Nyama ilibe n'pang'ono pomwe. Choncho nyama imapambana pa liwiro, nyemba pa ulendo wautali.

Pakati pa ziwirizi pali usipa, matemba ndi nkhuku. Nsomba ndi nkhuku sizinapezeke kuti zimakweza chiopsezo cha khansayi, ndipo kanyama kapena kansomba pang'ono m'mbale kamathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba amene wadyera limodzi. Usipa timaudya wathunthu, ndi mutu ndi minga, ndiye umatipatsanso kashiamu, amene amateteza matumbo aakulu. Kwa ine, usipa wothira tomato, pambali pali chisoso, ndiyo mbale yopambana zonse. Chiwindi chili ndi ayironi wambiri zedi, koma ndi chodya mwa apo ndi apo, makamaka kwa mayi woyembekezera, chifukwa vitamini A wake ndi wochuluka kwambiri.

Mapiritsi ndi pamene ndinakhalitsa. Piritsi limodzi la kusikelo limakhala ndi mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi, pamene mwamuna wamkulu amafuna pafupifupi 8 pa tsiku, mayi wa msinkhu wobereka 18, woyembekezera 27. Wambiri mwa ayironi wa m'piritsi salowa m'magazi, amatsikira m'matumbo aakulu, n'chifukwa chake chimbudzi chimada ndipo ena amadzimbidwa. Mu 2012 akatswiri a ku yunivesite ya Birmingham ndi a ku Beatson Institute mumzinda wa Glasgow anayesa mbewa zomwe jini yake (kachidutswa ka malangizo achibadwa a m'maselo) yotchedwa APC inali yowonongeka. Jini imeneyi imapezeka yowonongeka pa khansa za m'matumbo pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse. Mbewa zotere zikadyetsedwa ayironi wambiri zinkadwala khansa kuwirikiza kawiri kapena katatu, pamene zomwe jini yake inali bwino sizinavutike. Tanthauzo lake, monga ndikulionera, n'lakuti ayironi wosambira m'matumbo amadyetsa chotupa chimene chayamba kale, ngati feteleza wogwera pa udzu.

Izi ndi mbewa, ndipo mayi woyembekezera asasiye mapiritsi ake chifukwa cha nkhaniyi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ku Malawi ana 63 mwa 100 osakwana zaka zisanu, ndi amayi 33 mwa 100, anali ndi magazi ochepa. Kwa mayi wapakati kuchepa magazi ndi ngozi ya lero lino, yokhoza kutenga iye ndi mwana, ndipo mapiritsi amamwa kwa miyezi yowerengeka. Amene ndikuwadandaulira ndi bambo wa zaka 55 amene watopa, n'kumadzigulira mapiritsi chaka ndi chaka osayezetsa. Magazi amachepa pa zifukwa zambiri, malungo, njoka zam'mimba, likodzo, ndipo piritsi la ayironi silichiza zimenezi.

Choopsa kwambiri n'chakuti kwa mwamuna wamkulu, kapena mayi amene anasiya kusamba, kuchepa kwa ayironi kumatha kukhala chizindikiro choyamba cha khansa ya m'matumbo yeniyeniyo. Chotupa chimadontha magazi pang'onopang'ono osaoneka ndi maso. Munthu akamwa mapiritsi mphamvu zimabwerako, chimbudzi chakuda amati ndi mankhwala, ndipo matenda amapeza miyezi yokulira mwakachetechete. Magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kapitidwe kuchimbudzi kwa masabata angapo, kuwonda kopanda chifukwa, zonsezi n'zofunika dokotala msanga. Mowa, fodya ndi kunenepa kwambiri nazonso zimakweza chiopsezo, ndipo pamalo a kanyenya zimakonda kukumana zonse.

Amalume tinabwerera nawo kuchipatala tisanagule kalikonse. Anawatumiza kuchipatala chachikulu kukaunikidwa m'matumbo ndi kakamera, ndipo anawapeza ndi kachotupa kamene kankataya magazi, kasanasanduke khansa. Anakachotsa. Mapiritsi a ayironi anamwa miyezi itatu motsatira dokotala, kenako anayezetsanso n'kusiya. Masiku ano kwawo nyama ya mbuzi imaphikidwa Lamlungu, pakati pa sabata ndi nyemba, usipa ndi masamba, ndipo azakhali anasuntha tiyi wawo kuti azibwera cha m'ma 4 koloko.